Chigamba pa Diso la Mwana: Ntchito ya Banja Lonse

Nkhani ya lero ndi ya makolo amene adauzidwa ku chipatala cha maso kuti azitseka diso limodzi la mwana wao tsiku ndi tsiku, kwa miyezi yambiri kapenanso zaka. Ndi nkhaninso ya agogo, azakhali ndi atsikana olera ana, pakuti kaŵirikaŵiri iwoŵa ndiwo amatsala ndi mwanayo makolo akapita ku ntchito. Chithandizo chimenechi nchosavuta kuchifotokoza: kachigamba kofeŵa kokhala ndi zomatira kamaikidwa pa diso kwa maola angapo. Koma kuchichita pa mwana wa zaka 2, amene sangamve zakuti phindu lake lidzawoneka mtsogolo, ndi ntchito imene yalizapo makolo ambiri.

Zimene zimachitika m'nyumba zotere zimafanana, kaya ndi ku Area 10, ku Area 43, kapena kufupi ndi msika wa ku Old Town. Kukacha, mai wa mwana ayenera kufika ku ofesi ku Capital Hill nthaŵi isanakwane 7.30. Amamsambitsa mwana, nampukuta kumaso, nammata chigamba. Asanafike nkomwe pa khomo, chigamba chija chili pansi. Akamata china, mwana amalira ngati wapsa ndi moto, nachimatula ndi manja onse aŵiri. Apo agogo amene adabwera kuchokera kumudzi kudzawona mdzukulu amalephera kuugwira mtima. "Amake mwana," amatero, "kodi simukuwona kuti mwatseka diso labwinobwino nkusiya lodwalalo? Adokotalawo sadasokoneze?"

Funso la agogoli nlanzeru, ndipo banja limene silidamvetse yankho lake silipitiriza chithandizo nthaŵi yaitali. Yankho nlakuti dokotala sadasokoneze. Diso loyenera kutsekedwa ndi labwinolo ndithu, chifukwa chimene chikuphunzitsidwa ndi ubongo.

Mwana sabadwa akudziŵa kupenya, monga momwe sabadwa akudziŵa kulankhula. Diso limangolandira chithunzi nkuchitumiza ku ubongo kudzera mu mtsempha, ndipo ubongo ndiwo umaphunzira kuzindikira kuti ichi nchikho, iyi ndi nkhope ya mai. Phunziro limeneli limayamba pa tsiku lobadwa, limathamanga kwambiri m'miyezi ndi zaka zoyambirira, ndipo limayamba kuzilala mwana akamafika zaka 7 kapena 8. Ngati m'zaka zimenezi diso limodzi litumiza chithunzi chomveka bwino pamene linzake likutumiza chachimbuuzi, ubongo umasankha chabwinocho nkuleka kumvera diso linalo. Diso losiyidwalo likhoza kuwoneka langwiro kunja, koma njira yake yopita ku ubongo imatsekeka ngati kanjira ka kumunda komwe anthu adaleka kuyendamo. Madokotala amalitcha vutoli amblyopia. Angerezi amati ndi diso laulesi, ngakhale kuti disolo silidalakwe kanthu. Kafukufuku wa m'maiko osiyanasiyana amasonyeza kuti vutoli limagwira ana pafupifupi 2 kapena 3 mwa ana 100 aliwonse.

Zoyambitsa zake zazikulu zilipo zitatu. Choyamba ndi diso lopotoka, limene limayang'ana cham'kati kapena chakunja pamene linzake likuyang'ana kutsogolo. Pofuna kupeŵa kuwona zinthu ziŵiriziŵiri, ubongo umazima chithunzi cha diso lopotokalo. Chachiŵiri ndi kusiyana mphamvu kwa maso aŵiriwo, pamene diso limodzi lifuna galasi lamphamvu kuposa linzake. Vuto ili nlobisika, chifukwa maso amawoneka owongoka, mwana amaseŵera bwinobwino, ndipo iye mwini sadandaula pakuti sadziŵa kuti anzake amawona mosiyana ndi iye. Chachitatu, chimene chimawononga kuposa zinazo, ndi chinthu chotchinga kuŵala, monga ng'ala imene mwana wabadwa nayo, chipsera cha pa diso, kapena chikope chogwa. Anthu ambiri amayesa kuti ng'ala ndi matenda a okalamba okha, chonsecho ili m'gulu la zifukwa zazikulu zochititsa ana khungu mu Afirika. Mwana amene wachotsedwa ng'ala m'diso limodzi sachira pa tsiku la opaleshoni. Opaleshoni imangotsekula khomo. Magalasi ndi chigamba ndizo zimaphunzitsa disolo kupenya, ndipo kwa mwana wotere chigamba chikhoza kukhalapo zaka zingapo.

Nzeru yotseka diso labwino si yatsopano. Katswiri wina wa za chilengedwe wa ku France, Comte de Buffon, adalemba za njira imeneyi m'chaka cha 1743. Koma chifukwa chake chenicheni chidadziŵika patapita zaka zoposa 200. Mu 1963 David Hubel ndi Torsten Wiesel, a pa yunivesite ya Harvard ku America, adafalitsa zimene adapeza atatseka diso limodzi la tiana ta amphaka m'milungu yoyambirira ya moyo wao. Atalitsekula, diso lija lidali lamoyo koma losapenya, chifukwa maselo ambiri a mu ubongo amene adayenera kulimvera adali atatembenukira ku diso linalo. Kwa amphaka aakulu kutseka kotereku sikudawononge kanthu. Kaamba ka kafukufuku wao wa momwe ubongo umapenyera, anthu aŵiriŵa adalandira mphotho ya Nobel mu 1981. Zimene adapezazo zimagwirizana ndi mau a akuluakulu akuti m'mera mpoyamba. Ana ena a zaka zopitirira 7 amathandizikabe, choncho mwana wamkulu asamanidwe mwaŵi wopimidwa. Koma zaka zimene ubongo umamva msanga ndi zomwe zija mwana amavutitsa kwambiri pomumata chigamba.

Mu mzinda wa Lilongwe, umene udakhala likulu la dziko mu 1975, chithandizo cha maso sichili kutali. Pa Kamuzu Central Hospital, chipatala chimene chidatsekulidwa mu 1977, pali chipatala cha maso cha Lions Sight First. Pa mtunda wa makilomita pafupifupi 50 kuchokera mu mzinda, chipatala cha mishoni cha Nkhoma chidatchuka kalekale pa ntchito ya maso. Ana ambiri ofunika opaleshoni ya ng'ala amatumizidwa ku Blantyre, ku chipatala cha maso cha pa Queen Elizabeth Central Hospital. Mmalaŵi woyamba kukhala katswiri wa matenda a maso, malemu Dr Moses Chirambo, amene pambuyo pake adakhala nduna ya zaumoyo ndipo adamwalira mu 2010, adagwira ntchito zaka zambiri ku Lilongwe, naphunzitsa anthu ochuluka opima ndi kuchiza maso m'zipatala za m'maboma.

Kholo limene lawona kuti diso la mwana likadali lopotoka mwanayo atapitirira miyezi 6, kapena kuti mwana amalira kwambiri diso limodzi likatsekedwa koma osalabada linalo likatsekedwa, liyenera kunena ku sikelo, kaya ndi ku Bwaila, ku Area 18 kapena ku Kawale, kuti mwana atumizidwe kwa a zamaso. Kadontho koyera pa mwana wa diso nkofunika kuthamanga nako sabata yomweyo, chifukwa kakhoza kukhala ng'ala, kapena khansa ya m'diso imene imapha ikachedwetsedwa. Madzi a zitsamba, mkaka wa m'maŵere kapena mankhwala ogula pa msika sizichiza zimenezi, ndipo zina mwa izo zimapsereza diso.

Komabe chipatala chimamuwona mwana mphindi zoŵerengeka pa miyezi 2 kapena 3. Dokotala amapima, amalemba magalasi, amatchula chiŵerengero cha maola. Maolawo amaperekedwa kunyumba.

Kodi ndi maola angati? Kale ana ambiri ankatsekedwa diso tsiku lonse. Mu 2003 gulu la madokotala a maso a ana ku America lidafalitsa zotsatira za kafukufuku wa ana a zaka 3 mpaka 6. Lidapeza kuti kwa ana amene diso lao lidafooka pang'ono, maola 2 pa tsiku adathandiza chimodzimodzi ndi maola 6, ndiponso kuti kwa amene lidafooka kwambiri, maola 6 adathandiza chimodzimodzi ndi kutseka tsiku lonse. Madokotala omwewo adapezanso kuti ana ena amachira ndi magalasi okha, nchifukwa chake masiku ano mwana amayamba wavala magalasi milungu ingapo chigamba chisanatchulidwe. Koma ziŵerengero zimenezi si za mwana aliyense. Khanda lochotsedwa ng'ala kaŵirikaŵiri limalamulidwa maola ochulukirapo. Dokotala amene wapima mwanayo ndiye mwini chiŵerengero, ndipo kholo lisachepetse kapena kuwonjeza mwa lokha. Kuwonjeza nakonso kuli ndi ngozi yake: diso labwino la mwana wamng'ono likatsekedwa mopitirira muyeso, nalonso limayamba kufooka.

Kafukufuku wina, amene adachitika ku London nafalitsidwa mu 2004, adaulula chinthu chimene makolo ambiri amachita nacho manyazi. Ofufuzawo adamata kachipangizo koŵerenga nthaŵi pa chigamba cha mwana aliyense, ndipo adapeza kuti ana adavala chigamba pafupifupi theka lokha la maola amene adalamulidwa. Makolo a anawo sadali oipa mtima kapena osasamala. Adali anthu otopa, olimbana ndi mwana wolira. Tsono kholo la ku Lilongwe limene likulephera kukwanitsa maola lisadziyese kuti ndi lokha; koma lidziŵenso kuti chithandizochi chimalephera kaŵirikaŵiri chifukwa cha maola osoŵa.

Nkofunika kumvetsa chimene mwana akulirira. Chigamba sichipweteka. Chimene chimachitika nchakuti mwana amene anali kuwona bwino mphindi yapitayo, mwadzidzidzi waloŵa m'nkhungu: nkhope ya mai yazimirira, choseŵeretsa chake sichikuwoneka, pansi pomwe akuponda sakupazindikira. Munthu wamkulu atachitidwa zotero, nayenso angamatule chigambacho. Mantha ameneŵa amakula kwambiri m'masiku oyambirira, ndipo amachepa diso lofookalo likayamba kudzuka. Motero milungu yoyamba ndiyo yoŵaŵa, ndipo ndiyonso imene mabanja ambiri amagonjera, pamene mpumulo unali pafupi.

M'nyumba zambiri za ku Area 3, Area 9, Area 12 ndi madera ena otero, bambo ndi mai onse aŵiri amagwira ntchito ku City Centre kapena ku Old Town, ndipo amachoka m'maŵa nkubwera dzuŵa litaloŵa. Maola amene mwana ali maso amakhala m'manja mwa mtsikana wolera. Mtsikanayu ali pa mpanipani umene mabwana ake saudziŵa. Iye amadziŵa kuti ntchito yake imayesedwa ndi kukondwa kwa mwana. Mwana akalira m'maŵa wonse, anansi adzati akumzunza. Akayamba kumthaŵa, makolo adzamkayikira. Njira yapafupi kwa iye ndiyo kumatula chigamba galimoto ikangotuluka pa geti, nkuchibwezera madzulo. Akafunsidwa amati, "Wavala bwinobwino, amayi," ndipo miyezi imatha diso lisakusintha.

Kumkalipira sikukonza kanthu. Chothandiza ndicho kumtenga popita ku chipatala, kuti adzimvere yekha kwa dokotala chifukwa chake diso labwino likutsekedwa, ndiponso kuti awone yekha mwana akupimidwa. Makolo amuuze momveka kuti kulira kwa mwana pa nthaŵi ya chigamba si mlandu wake, ndi kuti tsiku limene zakanika anene zoona mopanda mantha. Ngati nkotheka, kholo limate lokha chigambacho lisanachoke, ndi kukhala ndi mwana mphindi zoyambirira, kuti mkwiyo wa mwana usamagwere munthu mmodzi. Wolera akasiya ntchito, watsopanoyo aphunzitsidwe kuyambira pachiyambi. Agogo nawonso afotokozeredwe mwaulemu, pakuti agogo amene amvetsa ndiwo amapirira kuposa onse, ndipo ali ndi nthano ndi nyimbo zoiŵalitsa mwana. Bambo asaiwone ntchitoyi ngati ya mai yekha. Mutu umodzi susenza denga, ndipo pa nyumba pamene munthu mmodzi amamata wina nkumamatula chifukwa cha chisoni, mwana amadziŵa msanga kumene angathaŵire.

Pali zinthu zing'onozing'ono zimene zathandiza mabanja ambiri. Chigamba chimamatidwa pa khungu, pansi pa magalasi. Chikaikidwa pa galasi pokha, mwana amasuzumira pamwamba kapena pambali. Nthaŵi yabwino ndi m'maŵa, mwana atapuma ndi kudya phala, osati pamene ali ndi njala kapena tulo. Nthaŵiyo ikhale yomweyomweyo tsiku lililonse, kuti chigamba chikhale chizoloŵezi ngati kusamba. Chikangomatidwa, manja a mwana apatsidwe chochita: buku la zithunzi, makrayoni, mpira, makapu oti asanje, kapena ulendo wokawona nkhuku kuseri kwa nyumba. Mwana akamatula, wamkulu amate china modekha, mosakalipa ndi mosanyengerera nthaŵi yaitali. Ena amamata kachigamba pa chidole, ena amavala okha kanthaŵi kuti mwana aseke. Chigamba chisakhale chilango, ndipo kuchichotsa kusakhale mphotho ya kulira. Maola amene mwana ali m'tulo saŵerengedwa. Pa kalendala ya pa khoma pazilembedwa maola enieni a tsiku lililonse, ndipo kalendalayo ipite ku chipatala pamodzi ndi kabuku ka mwana, chifukwa dokotala amene wanamizidwa maola akhoza kuganiza kuti chithandizo chalephera pamene sichidaperekedwe nkomwe.

Nyengo nayo ili ndi mbali yake. M'miyezi ya Okutobala ndi Novembala, pamene Lilongwe amatentha, thukuta limamatula chigamba ndipo khungu limafiira. Nkhope ipukutidwe iume chigamba chisanamatidwe, ndipo pochichotsa anyowetse m'mbali ndi madzi ofunda m'malo mochizula. Mafuta apakidwe chigamba chitachotsedwa, osati chisanamatidwe. Ngati zigamba zopangiratu zasoŵa m'masitolo a mankhwala kapena zakwera mtengo, a ku chipatala akhoza kusonyeza kholo kadulidwe ka bandeji ndi pulasitala wofeŵa, kuti tsiku lisapite chabe. Ndipo popeza mwana wovala chigamba akuyenda ndi diso lofooka, munthu wamkulu asamchoke: mbaula ya moto, masitepe, dziŵe losambiramo, galu wa pa nyumba ndi galimoto yobwerera m'mbuyo pa bwalo, zonsezi zimakhala zoopsa kuposa masiku onse.

Kunja kwa geti kuli mayeso ena. Ku msika, mu minibasi, ku tchalitchi kapena ku mzikiti, anthu amafunsa kuti mwanayu walasidwa nchiyani, ndipo ena amanong'onezana za ufiti. Makolo ena amachotsa chigamba potuluka kuti apeŵe maso a anthu, ndipo mwana amaphunzira kuti nchinthu chochititsa manyazi. Yankho lalifupi nlokwanira: diso ili likuphunzira kupenya, linzakeli likupuma. Mphunzitsi wa ku sukulu ya mkaka auzidwe mau omwewo, kuti aŵauze ana anzake. Apa mwana wa zaka 2 ali ndi mwaŵi kuposa wa zaka 6, pakuti anzake sanafike pa msinkhu wonyozana.

Ngati zonse zakanika, kholo lisabisale. Ilipo njira ina. Mankhwala otchedwa atropine, akadonthezedwa m'diso labwino, amalichititsa kuwona mwachimbuuzi zinthu zapafupi, motero ubongo umakakamizika kugwiritsa ntchito diso lofooka. Kafukufuku wa ku America wa mu 2002, wa ana oposa 400, adapeza kuti kwa ana amene diso lao lidafooka pang'ono mankhwalaŵa amathandiza pafupifupi chimodzimodzi ndi chigamba. Koma sayenera mwana aliyense, amapangitsa diso kuwopa dzuŵa, ndipo ndi poizoni mwana akaŵamwa. Dokotala yekha ndiye angaŵalembe, ndipo botolo lake lisungidwe pomwe ana sangafike.

Diso likayamba kupenya bwino, ntchito sinathe. Kafukufuku wa mu 2004 adasonyeza kuti mwa ana 4 aliwonse amene adasiya chithandizo atachira, pafupifupi mmodzi adabwerera m'mbuyo chaka chisanathe. Nchifukwa chake madokotala ambiri amachepetsa maola pang'onopang'ono m'malo mosiya kamodzinkamodzi, ndipo amafuna kumuwonabe mwanayo zaka zingapo. Tsiku la kuchipatala lisadumphidwe kaamba ka msonkhano wa ku ofesi kapena chifukwa mwana akuwoneka bwino. Chigamba sichiwongola diso lopotoka; ana ena amafunikabe opaleshoni yowongola, ndipo imeneyo kaŵirikaŵiri imachitika diso litayamba kale kupenya.

Wina angafunse kuti mavuto onseŵa ngachiyani, popeza mwana ali ndi diso lina labwino. Moyo wa munthu ngwautali. Mwala wa legeni, ngozi ya pa mseu, matenda a shuga kapena ukalamba zikhoza kuwononga diso labwinolo tsiku lina, ndipo pa tsiku limenelo munthuyo adzatsamira pa diso limene lidaphunzitsidwa ali ndi zaka 2. Ngati silidaphunzitsidwe, palibe galasi kapena opaleshoni imene idzalidzutse pa ukulu.

Makolo amene ali pakati pa ulendowu adziŵe kuti masiku ena adzakanika: mwana adzadwala malungo, kudzagwa maliro, wolera adzapita kwao. Tsiku limodzi lotayika siliwononga chithandizo, malinga chigamba chibwerere maŵa lake. Kuwona maso a nkhono nkudekha. Ana ambiri amene adamatidwa chigamba ali aang'ono chotere sakumbukira nkomwe za misozi ija akakula, koma diso limene lidadzutsidwa amakhala nalo moyo wao wonse.